Ng'oma za Kwathu M'makomboni a Lusaka

Mlendo wofika mu Lusaka kwa nthawi yoyamba amayenda mu Cairo Road, nayang'ana nyumba zosanjikizana ndi magalimoto osawerengeka, ndipo amabwerera kwawo akuganiza kuti mzinda wauona. Koma Lusaka weniweni amagona ndi kudzuka m'makomboni. Kalembera wa chaka cha 2022 anapeza kuti mumzindawu muli anthu oposa 2 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere, George ndi malo ena otere. Anthu amenewa, kapena makolo awo, anachokera ku Petauke, Katete, Chadiza, Chipata ndi Lundazi. Ena ku Luapula, ku Mongu ndi ku Monze. Enanso kutsidya kwa malire, ku Malawi ndi ku Mozambique. Pobwera anasenza mphasa, mapoto ndi timatumba ta ufa. Koma panali katundu wina amene sanaoneke pamutu kapena padenga la basi: nyimbo za magule a kwawo.

Lero zidzukulu zawo, zobadwira m'tauni, zayamba kulakalaka katundu ameneyu. M'maholo a maparishi, m'masukulu ndi m'mabwalo a nyumba, achinyamata amakumana Loweruka kapena Lamulungu masana, wina ndi gitala, wina ndi ng'oma, wina ndi chisekese, kuti aimbe pamodzi. Akatha nyimbo zimene amamva pa wailesi, pamadzuka funso: nanga zakwathu zenizeni, zoti munthu n'kuvina, tikazipeze kuti? Pa foni zimapezeka ndithu, koma zambiri ndi zidutswa chabe, zopanda dzina la gule, zopanda mudzi, zopanda mwini. Tsono, awerengi okondedwa, tiyeni tinyamuke. Tiyambira kum'mawa kwa mzinda, tidzere kumwera ndi kumadzulo, tikathere ku Matero, tikufunsa kumene nyimbozi zasungidwa.

Mtendere: nyimbo siyenda yokha

Komboni ya Mtendere inayamba mu 1967, pamene boma linapima mapuloti kum'mawa kwa mzinda ndi kulola anthu kumanga nyumba ndi manja awo. Mukatsika minibasi pamsika, makutu amakuuzani msanga kuti a kum'mawa ndi ochuluka kuno: Chichewa, Chinsenga ndi Chinyanja cha m'tauni zimapikisana pakati pa ogulitsa tomato, makala ndi kapenta. Koma nyimbo zimene tikufuna sizili pamsika. Dikirani Loweruka masana, pamene kuseri kwa mpanda wina kuli phwando lolangiza mkwatibwi, lija a m'tauni amati kitchen party. Kumeneko ng'oma zili m'manja mwa amayi. Amazipanira pakati pa miyendo, chitenje chili chomanga m'chiuno, ndipo nyimbo zimatsatana ngati mikanda mpaka dzuwa kulowa. Magulu a amayi oimba ng'omawa amaitanidwa ndi kulipidwa, ndipo m'mitu mwawo muli nkhokwe imene palibe buku lingafanane nayo. Phwandolo ndi la amayi, mwamuna salowapo wamba. Kotero mnyamata wofuna kuphunzira apangane nawo tsiku lina.

Afunseni za chimtali, gule wa amayi achichewa, ndipo mudzaona chodabwitsa. Mayi sangakuimbireni ali chikhalire pampando. Amaimirira, naitana anzake awiri kapena atatu, chifukwa nyimbo ya gule ili ndi mbali zinayi. Pali woyambitsa, amene amaponya mawu; pali ovomera, amene amawalandira; pali m'manja ndi ng'oma; ndiyeno pali phazi ndi chiuno. Ovina amazungulira bwalo, ng'oma zili pakati, ndipo ng'oma yaikulu ikasintha kalankhulidwe, mwendo nawonso umasintha. Woimba gitala amene atenga chuni chokha, n'kusiya kaombedwe ka m'manja ndi kaponyedwe ka phazi, ali ngati munthu wopita kumunda n'kubwerako ndi makoko, chimanga atasiya. Ili ndilo phunziro loyamba la ulendo wathu: nyimbo ya gule imaphunziridwa ndi thupi lonse.

Amayi omwewa adzakuuzaninso zimene zikutha. Nyimbo za pamtondo, zija mkazi ankadandaulira mwamuna wake kapena apongozi munsi uli m'manja, zikusowa malo, popeza ufa wa m'tauni umagulidwa m'thumba kapena m'timapepala ta pamela. Chitelele, chimene atsikana ankavina poomba m'manja mwezi ukawala, chikusowa bwalo, pakuti usiku wa m'komboni ndi wa wailesi yakanema ndi zitseko zokhoma. Nyimbo imene ntchito yake yafa sikhalitsa. Zoterezi ndizo zoyenera kuyamba kufunsa.

Kalingalinga: msewu wa munthu wotola nyimbo

Kuchoka ku Mtendere kulowera kumadzulo, tidutsa m'mbali mwa Kalingalinga, imodzi mwa makomboni akale a mzindawu, yoyandikana ndi University of Zambia. Kwa zaka zambiri msewu uwu wadziwika ndi amisiri owotcherera zitseko zachitsulo ndi okhoma mipando. Koma ambiri oyendapo sadziwa kuti dzina lake, Alick Nkhata Road, ndi la munthu amene anagwira ntchito yomwe ife tayamba lero.

Alick Nkhata anabadwa mu 1922. Atabwerako ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, mzungu amene anayendayenda m'maiko ambiri a mu Africa ndi makina ojambulira mawu. Pambuyo pake analowa ntchito pa wailesi ya Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsa mawu kuchokera mu Lusaka kufikira Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inali nthawi ya kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati poto, kotchedwa Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mapaundi 5. Nkhata ankatola nyimbo za m'midzi, naziveka gitala, ndipo anthu ankamva nyimbo za kwawo zikutuluka m'kawailesi kaja. Anafa mu 1978 ku Mkushi, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a ku Zimbabwe pafupi ndi munda wake.

Zimene anthu otere anajambula sizinatayike zonse. Hugh Tracey anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, ndipo kuyambira 1978 nkhokwe imeneyi ili ku Rhodes University, m'tauni ya Makhanda ku South Africa. M'menemo muli nyimbo za Chichewa, Chitumbuka, Chibemba, Chitonga ndi zina zambiri, ndipo mndandanda wa malekodi ake 210 otchedwa Sound of Africa umatchula dera ndi mtundu wa anthu kumene nyimbo inajambulidwa. Pa msewu womwewu wa Alick Nkhata palinso likulu la ZNBC, limene Radio One yake imaulutsa m'zilankhulo 7 za m'dziko muno. Wofunafuna nyimbo asanyoze nkhokwe zimenezi. Koma adziwe kuti lekodi yakale ndi mphindi zochepa chabe za gule amene ankatha usiku wonse. Njira yabwino ndiyo kutenga nyimbo yojambulidwayo, kupita nayo kwa okalamba a m'komboni, ndi kuwamvetsa. Kawirikawiri nkhalamba ikamva chiyambi cha nyimbo ya kwawo, imapitiriza yokha ndime zimene makina sanajambule.

Chawama: mawu akale ndi nyengo yake

Popita kumwera tiime pang'ono pa Kabwata Cultural Village, mu Burma Road. Tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu tomwe tili pamenepa ndi totsala mwa nyumba zimene boma la atsamunda linamangira antchito achikuda, amene ankayenera kukhala m'tauni okha, mabanja atasiya kumudzi. Tinasungidwa mu 1974 kuti pakhale malo a zosemasema ndi magule. Pano mungagule ng'oma, ndipo ndi poyambira pabwino. Koma gule wovinira alendo amafupikitsidwa kuti alendowo asatope. Wofuna nyimbo yathunthu apitirire.

Chawama, kumwera kwa mzinda, kufupi ndi msewu wa ku Kafue, ili ndi dzina lokoma. Koma dzina la komboni yoyandikana nayo, John Howard, limatikumbutsa chiyambi cha malo ambiri otere: eni mafamu ndi eni malo oswera miyala ankalola antchito kumanga timisasa pamalo awo, ndipo dzina la bwana linkasanduka dzina la mudzi. Chawama ndi George zinali m'gulu la makomboni amene anakonzedwa ndi thandizo la World Bank kuyambira mu 1974, pamene boma linavomereza kuti anthuwa sanabwere kudzacheza, koma kudzakhala.

Kuno tifunse za ingoma ya Angoni. Gule ameneyu alibe ng'oma yachikopa; ng'oma yake ndi nthaka. Amuna amaima m'mizere, chishango ndi chibonga zili m'manja, naponda pansi pamodzi mpaka fumbi kukwera, amayi akuomba m'manja ndi kuvomera. Angoni anaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo ngakhale zidzukulu zawo za kwa Mpezeni zimalankhula chilankhulo chofanana ndi Chinsenga, nyimbo zambiri za ingoma zasungabe mawu a Chingoni chakale. Apa pali msampha. Mnyamata wongomva ndi khutu amatafuna mawu amene sakuwadziwa, ndipo pakapita mibadwo iwiri nyimbo imasanduka phokoso lopanda tanthauzo. Safunsa anadya phula. Funsani liwu lililonse palokha, mulembe, mufunsenso tanthauzo lake.

Dziwaninso kuti nyimbo zili ndi nyengo yake ngati bowa. Mwambo wa Nc'wala, umene unaleka Angoni atagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1898 ndipo unayambiranso mu 1980, umachitika ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale. Kulamba kwa Achewa kumachitika ku Mkaika, m'boma la Katete, kumapeto kwa Ogasiti. Masabata oyandikira miyambo imeneyi ndiwo nthawi imene a kum'mawa okhala mu Lusaka amakumana kukonzekera ulendo ndi kukumbutsana nyimbo. Wobwera mu Meyi kudzafunsa za ingoma adzapatsidwa nyimbo ziwiri. Wobwera mu Januwale adzatopa ndi kulemba.

Kanyama: kumene nyimbo zimakwatirana

Kuchokera ku Chawama tibwerere m'tauni, tidutse msika wa Soweto, tilowe ku Kanyama, kumadzulo. Dziko lake ndi lathyathyathya, pansi pali thanthwe, kotero kuti mvula ikachuluka madzi amasowa kolowera. Akuluakulu amakumbukirabe chigumula cha 1978, chimene chinagwetsa nyumba zambiri. Ngakhale zili choncho anthu sanaleke kubwera, ndipo pa kalembera wa 2022 dera la Kanyama linali ndi anthu oposa theka la miliyoni. Muno mitundu yonse ya Zambia imatunga madzi pa mpopi umodzi, ndipo nyimbo nazo zimakwatirana.

Tamverani kalindula, amene amamveka pa maukwati ndi m'malo omwera chibuku. Anachokera ku Luapula, ndipo mtima wake ndi babatoni, chigitala chachikulu chopangidwa pamanja, cha mimba yonga ng'oma. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zoulutsidwa pa wailesi zikhale za muno, ndipo oimba anathamangira kwa makolo kukatapa. M'zaka za m'ma 1980 magulu monga Amayenge, amene ankatsogoleredwa ndi malemu Chris Chali, anatenga nyimbo za mitundu yambiri ya m'dziko muno naziimba ndi magitala amagetsi. Nyimbo zambiri zimene mwana wa ku Kanyama amaziyesa za gulu lakutilakuti zinali za pabwalo la kumudzi gululo lisanabadwe.

Kodi kusintha kotere ndi kuononga? Iyayi. Magule akhala akuyenda ndi kusintha kuyambira kale. Mganda wa ku Lundazi, ndi malipenga ake a zikho ndi mayunifolomu ake, unatengera perete wa asilikali. Kalela, amene J. Clyde Mitchell anamufotokoza m'buku lake la 1956 atamuona ku Luanshya, anakulira m'makomboni a migodi, ndipo mu 2022 UNESCO inamulemba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Cholakwa si kusintha nyimbo. Cholakwa ndi kuiwala chimene wasintha. Mukapeza nyimbo ku Kanyama, funsani ngati wokuimbiraniyo anaimva kwa ambuya ake kapena pa kaseti. Zonse ziwiri n'zabwino, koma zilembedwe padera, monga momwe mayi wanzeru sasakaniza mbewu ndi chimanga chakudya.

George: za pabwalo ndi za eni ake

Kumpoto kwa Kanyama, kupitirira dera la mafakitale, kuli George, imene dzina lake nalonso ndi la mzungu amene anali mwini malowo. Tinjira take n'topapatiza, nyumba n'zoyandikana, ndipo chochitika pakhomo limodzi chimamveka pa makomo khumi. Pamalo otere munthu amamva zambiri, ndipo m'pofunika kudziwa kuti si nyimbo iliyonse imene mwamva ili yoti mutenge.

M'makomboni ena a Lusaka, monganso m'mafamu ozungulira mzinda, gule wamkulu amatulukabe, makamaka pa maliro ndi pokumbukira akufa. UNESCO inalemekeza gule ameneyu mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Koma ulemu umenewu sunatsegule dambwe. Pali nyimbo za pabwalo, zimene amayi amaimba poyera aliyense akumva, ndipo pali za eni ake okha. Chimodzimodzi chinamwali: zimene anamkungwi ndi alangizi amaimba m'nyumba ya namwali si zoti mnyamata aike pa gitala. Vimbuza ya Atumbuka ndi gule wa odwala, ndipo kwa eni ake nyimbo zake ndi mankhwala, osati zosangalatsira alendo. Mkhristu angakhale ndi maganizo ake pa miyambo imeneyi, koma palibe chikhulupiriro chimene chimaloleza kuba. Kujambula mobisa, foni ili m'thumba, ndi kuba.

Nanga wofuna nyimbo afike bwanji? Afike monga mwana wa pakhomo. Apite ndi munthu wodziwika m'deralo, monga mnansi kapena wapampando wa mphakati. Aodire, akhale pansi, alandire moni, anene dzina lake, chiwongo chake ndi mudzi wa makolo ake. Pakuti nkhalamba ikamva dzina la mudzi umene imaudziwa, mtima wake umatseguka. Kenaka anene mosabisa: "Ambuya, tabwera kuti mutiphunzitse nyimbo za kwanu. Tikufuna tiziimba ndi anzathu. Kodi mungatilole kujambula mawu anu?" Akakana, nkhani yatha. Akalola, musafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku loyamba mwina adzangokufunsani za makolo anu; nyimbo zidzabwera ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Ndipo musapite chimanjamanja. Paketi ya shuga, sopo kapena makala pang'ono si malipiro, koma ndi umboni woti mukudziwa kuti mwalandira chinthu chamtengo.

Matero: nkhokwe imene timaidutsa Lamulungu

Kuchokera ku George, Matero ndi pafupi. Kuno kunayamba mosiyana ndi makomboni enawo: khonsolo ya mzinda inamanga nyumba za m'mizere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, zoti antchito azikhalamo ndi mabanja awo. N'chifukwa chake ku Matero kuli mabanja amene akhala m'tauni mibadwo itatu kapena inayi. Mnyamata amene anafika kuno mu 1960 ali ndi zaka 20, ngati akali moyo, lero wapitirira zaka 80. Iye ndi anzake ndiwo anaphunzira magule pabwalo la kumudzi, kwa akuluakulu amene sanamvepo kaseti. Chaka chilichonse timaperekeza ena a iwo kumanda, ndipo aliyense amapita ndi nyimbo zake.

Ku Matero, monga m'makomboni onse, pali nkhokwe ina imene timaidutsa Lamulungu lililonse osaiona. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha 1963 chonena za mapemphero a Mpingo, unalangiza kuti nyimbo za makolo a mitundu ya anthu zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera. Kuyambira pamenepo ng'oma, zisekese ndi nthungululu zinalowa m'tchalitchi, ndipo opeka nyimbo ambiri anatengera mayendedwe a magule a kwawo. Mukaona ana a Stella akuponya phazi kutsogolo kwa mdipiti wa zopereka, dziwani kuti phazi limenelo lili ndi mudzi kumene linachokera. Funsani aphunzitsi akale a kwaya ndi oimba ng'oma a m'parishi mwanu kuti kaimbidwe kakutikakuti ndi ka gule uti. Ambiri amadziwa, koma safunsidwa. Iwowa adzakuonetsaninso zimene sizilembeka papepala: kuwamba ng'oma pamoto kuti chikopa chikungike, kumata phula pakati kuti mawu atsike, ndi kusiyanitsa ng'oma zosunga mayendedwe ndi mbalule, imene imalankhula ndi wovina.

Phunziro la pa chilumba chakutali

Mwina wina anganene kuti: ng'oma zikulira chonchi, changu n'cha chiyani? Yankho tikalitenge kutali, kwa anthu amene anatsala pang'ono kutaya magule awo. Pakati pa Britain ndi Ireland pali chilumba chaching'ono chotchedwa Isle of Man, cha anthu pafupifupi 84,000, ochepa kwambiri poyerekeza ndi a ku Kanyama okha. Anthu a kumeneko anali ndi chilankhulo chawo chotchedwa Manx, nyimbo zawo, ndi magule awo ovinira vayolini. Pamene Chingerezi chinkafalikira, zonsezi zinayamba kuoneka ngati zachikale. M'zaka za m'ma 1890 dokotala wina, John Clague, pamodzi ndi abale awiri, W. H. Gill ndi J. F. Gill, anayendera okalamba nalemba machuni oposa 200, ndipo ena mwa machuniwo anasindikizidwa mu 1896. Koma mavinidwe sanawalembe. Pamene mayi Mona Douglas, amene anabadwa mu 1898 namwalira mu 1987, anayamba kufunafuna magulewo, anapeza okalamba ochepa okumbukira zidutswa: uyu kaponyedwe ka phazi, uyo kazunguliridwe. Zina anayenera kulumikiza yekha, ndipo akatswiri akhala akutsutsana kuti zakale ndi ziti, zowonjezera ndi ziti. Munthu wotsiriza amene anayamwira chilankhulo cha Manx, Ned Maddrell, anamwalira mu 1974.

Komabe nkhani yawo sinathere pamanda. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 oimba anayamba kukumana madzulo m'tauni ya Peel, nafukula machuni a m'mabuku a Clague, ndipo mu 1978 Colin Jerry anatulutsa kabuku kotchedwa Kiaull yn Theay, kamene kanathandiza aliyense wokhala ndi choimbira kulowa nawo pagulu. Lero ana a sukulu pa chilumbapo amaimba ndi kuvina nyimbozi. Zinawapulumutsa ndi zinthu ziwiri: ena analemba nthawi isanatheretu, ndipo ena anakumana kawirikawiri kuimba zolembedwazo. Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe. Eni nyimbo zathu akali moyo, akukhala kuseri kwa nyumba zathu, ndipo mawu, ng'oma ndi mavinidwe zikali pamodzi.

Ntchito ili m'manja mwathu

Ntchito imeneyi sifuna ndalama zambiri. Kope, cholembera ndi foni n'zokwanira. Pa nyimbo iliyonse lembani dzina la gule, mudzi ndi mfumu ya dera kumene inachokera, nthawi imene imaimbidwa, mawu ake ndi tanthauzo lake, ndiponso dzina la wokuphunzitsani ngati walola. Jambulani kaombedwe ka m'manja padera, ng'oma iliyonse padera, ndi mapazi a wovina. Musasunge zonse pa foni imodzi, pakuti foni imabedwa ndipo imagwera m'madzi. Siyani zina ku ofesi ya parishi kapena kusukulu, ndipo banja la mwini nyimbo lilandire zake. Poimba pagulu, tchulani amene anakupatsani.

Koposa zonse, imbani. Nyimbo yotsekeredwa m'kope ili ngati mbewu yoiwalika m'nkhokwe: anankafumbwe adzaidya. Pamene mukumana ndi magitala anu, itanani ambuya aja adzakhale pa mpando wa kutsogolo. Adzakudzudzulani kuti mwathamanga, kuti ovomera alowa msanga, kuti phazi lapita kumanzere m'malo mwa kumanja. Landirani chidzudzulo chimenechi ndi manja awiri, pakuti ndicho chimene a pa chilumba chija anachisowa, ndipo buku silingachipereke.

Nanu makolo ndi agogo amene mukuwerenga nkhaniyi, musadikire kufunsidwa. Ana a m'tauni amachita manyazi. Amaopa kusekedwa kuti Chichewa chawo n'chopotoka ndipo chiuno chawo n'chouma. Musawaseke. Madzulo ano, mutatha kudya, yambitsani nyimbo imodzi ya kwanu, muwauze kuti avomere, muwaonetse poombera m'manja. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Nyimbo imene yalowa m'kamwa mwa mdzukulu ndiyo yanu; imene mwaisunga mumtima mokha mphepo idzaitenga.